Nkhuni Zochepa, Nsima Yomweyo: Kabuku ka Mabanja a kwa Mlolo

Kuno kuchigwa palibe amene amadandaula za kuzizira mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira, anthu n'kumagona panja pa mkeka. Koma ngakhale dzuwa liswe mtengo chotani, khomo lililonse la kwa Mlolo limalipirabe moto tsiku ndi tsiku: wa phala la m'mawa, wa nsima, wa nyemba, wa madzi osamba a khanda ndi a agogo, kenaka mu Juni ndi Julayi wa kuotha. Ena amalipira ndi ndalama pamsika wa Fatima kapena ku Makhanga. Ambiri amalipira ndi miyendo ndi khosi la mayi ndi mwana wamkazi, amene amalawirira kuphiri n'kubwerako dzuwa lili paliwombo, mtolo uli pamutu.

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mabanja opitirira 9 mwa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale amene ali ndi magetsi sanataye mbaula zawo. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo makala anakwera mtengo mpaka m'tauni. Nkhuni tikhala nazobe zaka zambiri. Funso n'lakuti tizitentha zingati.

Mitengo ikamatha m'mapiri otsetserekera kuno kuchokera ku Thyolo, mvula imatsika ndi mchenga ndi miyala, mitsinje ngati Thangadzi ndi Ruo n'kukwiririka. Madzi a mu Januwale 2015, amene anasiya Makhanga ngati chilumba, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana, ndi a Freddy mu Malichi 2023, tonse tikuwakumbuka. Kungakhale kunama kunena kuti mafuwa a mayi ndiwo anaitana anamondwewa. Ootcha njerwa, ootcha makala ogulitsa ndi olima m'mphepete mwa mitsinje ali ndi gawo lawo lalikulu. Kabukuka kakukamba za gawo limene lili m'manja mwa banja, lomwenso phindu lake limaoneka sabata yomweyo.

Yambani ndi kuwerenga

Musanasinthe kanthu, dziwani kuti panopa mukutentha zingati. Kwa sabata imodzi, lembani kachizindikiro pakhoma la khitchini nthawi iliyonse mwamasula mtolo kapena mwagula kajumbo ka makala. Tiyerekeze kuti banja limatha mitolo 3 pa sabata. Pa chaka ndi mitolo 156. Likachepetsa gawo limodzi mwa magawo atatu, lapulumutsa mitolo 52. Chulukitsani 52 ndi mtengo wa mtolo pamsika wanu lero, muona kuti ndi ndalama ya mbuzi kapena ya yunifolomu ndi makope a ana. Ngati simugula, ndi maulendo 52 a kuphiri amene mtsikana wa Sitandade 7 akanakhala m'kalasi.

Abambo, kuwerengaku kukhale kwanu pamodzi ndi amayi. Zambiri mwa zimene zikutsatirazi zikufuna nkhwangwa, chikwanje ndi nsichi, ndipo sizingachitike ngati nkhani ya moto izingotchedwa ya kukhitchini.

Kumene moto umathawira

Taimani pafupi ndi mafuwa madzulo, mphepo ikuchokera kudambo. Lawi limapendekera mbali imodzi, kunyambita mpweya, n'kumangokhudza mphika m'mphepete. Wophika akumva kutentha m'miyendo, galu wagona chapafupi akumva kutentha, dothi la pansi likutentha, miyala itatu ija ikutentha. Zonsezo zikudya nkhuni zanu. Pa moto wa pamafuwa wosatchingidwa, kutentha kolowa mumphika ndi kagawo kochepa chabe. Kochuluka kamapita ndi mphepo.

Utsi nawonso ndi nkhuni zimene zathawa zisanapse. Nkhuni ikatentha imatulutsa mpweya woyaka, ndipo mpweyawo ndiwo umakhala lawi. Moto ukakhala wozizira, kaya chifukwa nkhuni n'zaziwisi kaya chifukwa zapanikizana mpaka mpweya wabwino sukulowa, mpweya uja umatuluka osayaka. Umenewo ndiye utsi wofiiritsa maso, ndiye mwaye wa kudenga. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka, ndipo ambiri mwa ana amene amafa nawo amafa ndi chibayo. Mwana wa kumsana amapuma utsi womwewo umene mayi ake akupuma popemerera moto.

Tsono ntchito yonse ndi iyi: moto upse bwino, ulunjike pamphika, ndipo kutentha kukalowa mumphikamo kusatulukenso msanga.

Nkhuni ziume

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Mukauika pamoto, moto umayamba waphika madzi amenewo usanaphike ndiwo zanu. Mumamva nkhuni ikulira, thovu likutuluka kumapeto kwake. Wosenza mtolo wauwisi ndiye kuti wasenza madzi kutsika nawo phiri.

Wazani nkhuni zikadali zaziwisi, chifukwa ndi pamene zimang'ambika mosavuta, ndipo zowaza zimauma msanga kuposa zamphumphu. Zikhale zonenepa ngati mpini wa khasu kapena kucheperapo. Ziikeni pathandala lokwera kufika m'chiuno, mopingasa kuti mphepo izidutsa, pamwamba pali kadenga ka udzu kapena ka mlaza. Ndi dzuwa la kuno, nkhuni zowaza za mu Ogasiti zimakhala zitauma gwa mvula isanayambe. Thandala lokwera limatetezanso ku chiswe ndi ku madzi oyenda pabwalo mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhuni zouma zimasowa n'kukwera mtengo. Zouma mumazidziwa pomenya ziwiri: zimalira mokweza, pamene zaziwisi zimangoti phu.

Chikuni chachikulu chimene chimafuka tsiku lonse kuti moto usazime n'chodula kuposa bokosi la machesi. Mukamaliza kuphika, sololani zikuni, zizimitseni pozikwirira mumchenga kapena m'phulusa, mudzaziyatsenso mawa.

Mbaula ya dongo

Mbaula ya Chitetezo ndi youmbidwa ndi dongo n'kuotchedwa mu uvuni, yooneka ngati ndowa, yokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni ndi timitu pamwamba tokhazikapo mphika. Mu 2013 boma linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zikhale zitafika 2 miliyoni pofika 2020, ndipo zambiri mwa zimene zinafalitsidwa zinali za mtundu umenewu, zoumbidwa ndi magulu a amayi m'midzi. Ikagwiritsidwa bwino imachepetsa nkhuni ndi pafupifupi gawo limodzi mwa atatu poyerekeza ndi mafuwa. Chinsinsi chake si chachilendo: khoma la dongo limatchinga mphepo, limasunga kutentha kuti moto upse bwino, n'kukankhira lawi kumphika.

Kwa anthu a kwa Mlolo ili ndi ubwino wina umene a kumtunda sauganizira. Imanyamulika. Madzi akabwera usiku, mbaula yomangidwa pansi ndi zidina imasungunuka pamodzi ndi khitchini, koma iyi mumaiika m'bwato kapena pamutu n'kukaphikira kumsasa, kumene anthu mazana amalimbirana timitengo tochepa tozungulira msasawo. Amene anasamukira kumtunda, komwe madzi safika, angathe kumanga mbaula yokhazikika ya zidina ndi dothi, monga Changu Changu Moto imene bungwe la Ripple Africa linafalitsa ku Nkhata Bay. Pomanga yotere, sakanizani dothi ndi mankhusu a mpunga, chifukwa khoma lotero silimwa kutentha kwambiri ndipo siling'aluka msanga.

Pogula Chitetezo, igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ngati mtsuko wabwino. Yolira mogonthera ili ndi mng'alu kapena sinapse. Khazikanipo mphika wanu muone ngati wakhala osagwedera, ndipo pakati pa mphika ndi mlomo wa mbaula patsale mpata wolowa chala. Mpata ukatsekeka moto umabanika; ukakula kwambiri, lawi limangodutsa.

Amayi ambiri amene amati mbaulayi n'njochedwa amakhala akuisonkhera ngati mafuwa, kudzaza khomo lonse ndi nkhuni. Ikani tinkhuni tiwiri kapena titatu, nsonga zokha ndizo ziziyaka, muzikankha pang'onopang'ono. Khomo liyang'ane kumene kukuchokera kamphepo. Chotsani phulusa musanasonkhe, koma musalitaye, ndi la chidulo ndi la kuchimbudzi. Musathire madzi pambaula yotentha, imasweka. Musaisiye pamvula. Povundula nsima ya banja lalikulu, ikhazikeni pamalo osalala, kapena ikumbireni kadzenje kosaya kuti isasunthe.

Ngati ndalama ya mbaula palibe, musadikire. Matani kakhoma ka dothi kolumikiza mafuwa mbali ziwiri, kusiya mbali imodzi yolowetsera nkhuni. Tsitsani mphika kuti utalikirane ndi nkhuni ngati kutambalala kwa chikhatho basi. Zimenezi zokha zimaoneka pamtolo.

Chivundikiro, kuviika ndi dengu

Madzi akawira afika madigiri 100, ndipo sangatenthe kuposa pamenepo ngakhale mutasonkhezera nkhuni za mudzi wonse. Nyemba zobwata mwaphokoso ndi zobwata pang'onopang'ono zimapsa nthawi imodzi. Moto wowonjezerawo umangosandutsa madzi nthunzi, inu n'kumathiramo ena ozizira, amenenso afune nkhuni kuti awire. Mphika ukangowira, sololani nkhuni imodzi, vundikirani. Chivundikiro chikasowa, mbale yachitsulo yokhala ndi kamwala pamwamba imagwira ntchito. Mwa zonse zili m'kabukuka, ichi ndicho chosalira ndalama ngakhale tambala, komanso ndicho chimene anthu amachinyozera kwambiri.

Nyemba, nandolo wouma, khobwe ndi nzama ziviikeni usiku wonse m'madzi oyera. Zimafufuma, ndipo nthawi yophika imatsika kwambiri. Alipo amene amati nyemba zoviika sizikoma; nthawi zambiri vuto limakhala loti zinakhalitsa m'madzi mpaka kusasa, zomwe sizichedwa ndi kutentha kwa kuno. Viikani pogona, tsanulani madziwo m'mawa, tsukuluzani, terekani. Tomato muthire zitafewa kale, chifukwa zowawasa zimalimbitsa khungu la nyemba. Mbatata, maungu ndi chinangwa ziduleni tizidutswa, madzi akhale ongokwanira. Ndipo musasonkhe moto ndiwo musanasadzule, ufa musanasefe, madzi musanatunge. Moto woyaka podikira wophika ndi wochuluka kuposa mmene timaganizira. Mukaphula ndiwo, nsima ikhale yokonzeka kutereka, ndipo mukaphula nsima, pamakala otsalawo pakhale madzi otsukira mbale.

Tsopano dengu lophikira, limene kwa ine ndilo loyenera dera lino kuposa china chilichonse, chifukwa chofunika chachikulu tili nacho chambiri. Ku Muona amalima mpunga, ndipo pazigayo zopunthira mpunga mankhusu amangounjikana. Mankhusu ouma salola kutentha kudutsa. Chakudya chikawira, sichifunanso lawi kuti chipse; chimangofuna kuti chisazizire.

Pezani dengu lalikulu, kapena katoni yolimba, loti mphika wanu ukalowa patsale mpata wa chikhatho chimodzi mbali zonse. Sokani timapilo ndi matumba akale kapena zitenje zakutha, mudzazemo mankhusu ouma. Kamodzi kakhale pansi, kokhuthala masentimita 10. Kena katali kazungulire m'mbali. Komaliza, kokhuthala koposa, n'kovundikira pamwamba, pakuti kutentha kumathawira kumwamba. Mankhusu akasowa, masamba ouma a nthochi, udzu wouma wofewa, thonje losagulika kapena nsanza zimagwira ntchito yomweyo. Mphika ukhale wopanda chogwirira chachitali, wa chivundikiro chokhala bwino, ndipo ukhale wodzaza ndithu, chifukwa chakudya chochepa mumphika waukulu chimazizira msanga.

Nyemba zoviika ziwire mwamphamvu pamoto mphindi 15 mpaka 20. Apa musafupikitse, chifukwa nyemba zosawira mokwanira zimapweteketsa m'mimba ndi kusanzitsa. Phulani osavundukula, yang'anani kuti pansi pa mphika sipanamatirire khala la moto, kulungani mphikawo m'kansalu, ikani m'dengu, vundikirani, pitani kudimba. Pakatha maola 3 kapena 4 mudzapeza zafewa, zikufuka nthunzi, zongofuna kukazingira. Mpunga umafuna kuwira mphindi 5 zokha, kenaka mphindi 40 m'dengu, ndipo supserera. Mbatata, nyama yolimba ndi chimanga chophika ndi nyemba zimatheka chimodzimodzi, kungoti nyama iwire nthawi yotalikirapo. Nsima yokha ndiyo siilola, imafuna mthiko ndi moto.

Musamavundukule kuti muone ngati zapsa. Kuvundukula kulikonse n'kutaya moto umene simungaubwezere. Chakudya chikakhala m'dengu mpaka kufika pongofunda, chiwiritseninso musanadye, chifukwa chofunda ndicho tizilombo toyambitsa matenda timachikonda. Timapilo tija muzitiyanika padzuwa kawirikawiri, popeza tikanyowa ndi nthunzi sitisunganso kutentha. Dengu lomwelo limasunga phala la mwana kapena la wodwala lili lotentha mpaka masana popanda kusonkhanso moto.

Madzi osamba ndi akumwa

Kutentha nkhuni pofunditsa madzi osamba m'dera la dzuwa ngati lino n'kutaya. Dzazani chigubu chakuda, kapena chokutidwa ndi pulasitiki yakuda, muchigoneke padzuwa pamwamba pa lata lakale kuyambira m'mawa. Pofika 3 koloko madzi afunda, ndipo m'miyezi yotentha amatha kuotcha, choncho yesani ndi chigongono musanasambitse mwana. Mukafuna kuti adikire madzulo, chikulungeni m'chiguduli. Chigubu chimene munali mankhwala opopera thonje chisagwire ntchito imeneyi ngakhale mutachitsuka kangati.

Pa madzi akumwa pokha musaumire. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje linali limodzi mwa maboma oyamba kukhudzidwa. Madzi a mumtsinje, a pachitsime chosatetezedwa, ngakhale a pamjigo umene unamizidwa, ayenera kutetezedwa. Njira yosadya nkhuni ndi klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, kapena WaterGuard: thirani muyeso umene akuuzani, dikirani mphindi 30. Madzi akakhala amatope, ayambe adikha n'kusefedwa pansalu yoyera. Mukasankha kuwiritsa, mphindi imodzi ali gadugadu yakwana; kupitiriza apo n'kungotha nkhuni ndi madzi omwe.

Usiku wa Juni ndi Julayi

Chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, ndi mitambo yake ndi kamvula kowaza, ngakhale kuchigwa kuno mano amaguguda m'bandakucha. Nyumba zathu zinamangidwira kutentha, ndiye kuzizira kukabwera kumalowa paliponse. Yofolera malata ndiyo imazizira koposa, chifukwa lata limataya kutentha msanga dzuwa likangolowa, monganso limaotchera masana. Mankhwala a zonse ziwirizi ndi amodzi: denga lam'kati. Yalani mphasa za bango, kapena matumba osokedwa pamodzi, pansi pa malata, kusiya mpata pakati. Mu Julayi chipinda chimasunga kufunda, mu Novembala chimapepukako kutentha. Yambani ndi chipinda chogona ana ngati mphasa sizikwanira nyumba yonse.

Mphepo yolowera pansi pa chitseko itsekeni ndi chiguduli chopinda, ming'alu ya khoma muimate. Dothi la pansi limayamwa kutentha kwa thupi kuposa mpweya, motero mwana wogona pamkeka umodzi amazizidwa ngakhale atafunda bulangete. Yalani katoni kapena matumba pansi pa mkekawo. Njerwa yootcha imene yakhala m'mbali mwa moto pophika chakudya chamadzulo, ikakulungidwa bwino m'nsanza n'kuikidwa kumapazi, imafunditsa agogo mpaka pakati pa usiku osatentha nkhuni ina. Kwa khanda njerwa ayi. Khanda lifunde ndi thupi la mayi ake, pachifuwa khungu kukhungu, litavala kachipewa, ndipo lobadwa kumene lisasambitsidwe tsiku loyamba.

Mbaula ya makala isagone m'nyumba. Makala akamanyeka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wopanda fungo, wopanda mtundu, wosatsokomoletsa. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, kenaka tulo tosadzukanso. Banja lonse limatha kupezeka m'mawa lili chigonere, anthu n'kuyamba kulozana zala za ufiti pamene wapha ali pakona, wasanduka phulusa. Makala ofiira opanda utsi ndiwo oopsa kwambiri, chifukwa amaoneka ngati atha ukali. Othani pakhonde kapena chitseko chili chotsekula, ndipo musanagone tulutsani mbaula. Mukapeza munthu wakomoka m'chipinda mmene muli mbaula, tsekulani zitseko, mutulutsireni panja, thamangani naye ku chipatala cha Trinity ku Muona kapena chipatala chilichonse chapafupi, ngakhale atatsitsimuka panjira.

Miyezi yomweyi ndi imene ana amapsa kwambiri. Wokwawa ndi munthu wodwala khunyu asasiyidwe okha pamoto, ndipo moto kapena kandulo zitalikirane ndi neti ya udzudzu. Wina akapsa, thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, osapakapo dzira, mankhwala otsukira mano kapena dothi, kenaka kuchipatala.

Makala ndi nsomba

Thumba limodzi la makala limadya nkhuni zolemera kasanu kapena kuposa, chifukwa mu uvuni wa dothi kutentha kochuluka kumathera momwemo. Lamulo la zankhalango, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limafuna chilolezo kwa wootcha ndi wogulitsa makala. Kwa banja la kumudzi lomwe lingapeze nkhuni zouma, mbaula ya Chitetezo n'njotchipa kuposa makala. Amene mumagwiritsabe makala, monga ogwira ntchito ndi ochita malonda pa Fatima, gulani mbaula yokhala ndi dongo m'kati, mtundu umene unayambira ku Kenya m'zaka za m'ma 1980. Yachitsulo chokhachokha imataya kutentha m'mbali. Mphika ukawira tsekani kachitseko ka pansi, ndipo mukamaliza tsanulirani makala otsala m'chitini chotseka bwino kuti azime okha. Othira madzi amavuta kuyatsa mawa lake.

Owamba milamba ndi makakana a ku Elephant Marsh amatentha nkhuni zambiri kuposa khitchini iliyonse. Kuwambira pawaya woyalidwa pamoto wa poyera kumataya utsi ndi kutentha komwe. Uvuni womangidwa ndi dothi mbali zonse, wa khomo limodzi, wosanjikiza mathireyi angapo pamwamba n'kuvundikira, umawamba nsomba zambiri ndi moto umodzi. Nsomba zikayamba zayanikidwa padzuwa kuti zikhetse madzi, nthawi ya pamoto imafupika.

Nkhuni za pakhomo

Mbaula ya dongo imayaka bwino ndi tinthu timene pamafuwa timangoti lawi kamodzi n'kutha: zitsononkho, mapesi a mapira ndi mchewere, tinthambi touma, makoko a nandolo. Mapesi onse asathere kukhitchini, ena atsale m'munda kuphimba nthaka. Ndowe nazo zipite kumunda. Mankhusu a mpunga paokha amazimitsa moto mukawathira ambiri. Awazeni pang'onopang'ono pamoto woyaka kale. Mapulasitiki ndi zidutswa za matayala musasonkhere, utsi wake ndi poizoni. Opita kukadula bango kudambo asapite okha ndipo asalowe m'madzi akuya, ng'ona za mu Shire sizisankha kuti uyu wadzera nkhuni.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma kuno mbande zambiri zimafa ndi dzuwa ndi mbuzi chaka chisanathe. Mitengo 10 yotchingidwa ndi minga n'kumathiriridwa madzi otsukira mbale imaposa 100 yongodzala n'kuiwala. Nimu ndi kesha zimapirira chilala, ndipo mukadula nthambi zimaphukanso, choncho mtengo umodzi umapereka nkhuni zaka zambiri osagwetsedwa. Msangu usiyeni m'munda: umayoyola masamba nthawi ya mvula, sulimbana ndi mbewu, ndipo nthambi zake zosadza ndi nkhuni. Masawu ndi chakudya ndi ndalama, dulani zouma zokha. Nsungwi ndi mitengo ya m'mbali mwa Ruo ndi Thangadzi ndiyo ikugwira gombe, isakhudzidwe.

Njira yachangu kuposa kudzala ndiyo kulera zitsa. Chitsa chamoyo chili kale ndi mizu yozama, sichifuna kuthirira. Chikaphuka, sankhani mphukira ziwiri kapena zitatu zowongoka, zina zonse dulani, ndipo muzibwereza chaka ndi chaka. Zodulazo ndi nkhuni za lero, zotsalazo zimakula msanga kuposa mbande ya ku nazale.

Nandolo ndiye amabweza msanga koposa. Mukamudzala m'malire a munda ndi pakati pa chimanga kapena mapira, chaka chomwecho mumapeza ndiwo, nthaka imalandira chonde, ndipo mukakolola mitengo yake ndi nkhuni zowonda zolowa bwino pakhomo la mbaula. Iduleni mukangomaliza kukolola, moto wolusa wa osaka mbewa usanadutse m'minda, muimange m'mitolo ing'onoing'ono n'kuikweza pathandala. Imafumbwa msanga, choncho yambani kutentha imeneyo, nkhuni zowaza zidikire Januwale.